Kalata Yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Boma la Mangochi: Za Khansa ndi Zolowa mu Mphika

Mudzi wa Chembe,
Mfumu Yaikulu Nankumba,
Mangochi.

Wolemekezeka Bwanamkubwa,

Ndiyambe ndi kupepesa kuti ine munthu wamba, wopanda udindo m'boma kapena mpando pabwalo la mfumu, ndalimba mtima kugogoda pakhomo panu ndi kalata imene ena adzaiwerenga inu musanaiyankhe. Koma popeza akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiponso popeza nkhani imene ndadza nayo si ya banja langa lokha ayi, koma ya midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja ino, kuyambira kuno ku Chembe, kudzera ku Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale, kufikira ku Malembo ndi ku Makawa, ndaona kuti n'kwabwino kuilankhula poyera kusiyana ndi kumangoinong'ona pamaliro.

Nkhaniyo ndi ya khansa. Akatswiri a bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, ndipo likulu lake lili mumzinda wa Lyon ku France, anawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha Amalawi pafupifupi 18,000 anagwidwa ndi nthendayi, ndipo oposa 12,000 anatsikira nayo kuli chete. Ndiponso kuti pa khansa ya kummero, ija imene iyamba ndi kukakamira kwa nsima pachifuwa nitsiriza ndi kukana ngakhale madzi, dziko lathu lili m'gulu la maiko otsogola pa dziko lonse lapansi. Ife a kunyanja sitilira mabuku kuti tikhulupirire zimenezi, pakuti tawaona amuna amphamvu, amene anali kukoka chilimira usiku wonse osapumula, akusiya nsima nayamba phala, akusiya phala nayamba thobwa, kufikira tsiku limene abale awo anawanyamula kupita nawo ku Monkey Bay thupi litatha kale.

Tsono pawailesi, kusikelo ya ana ndi pamisonkhano ya alangizi timamva kawirikawiri mawu abwino ndi oona, akuti tidye zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi, tichepetse mchere, tiphike mwaukhondo, kuti matenda atilambalale. Sinditsutsa ngakhale limodzi la mawu amenewa. Chimene chindilemera mumtima n'chakuti katundu yense wa malangizowo amasenzetsedwa mayi wa pamafuwa, monga ngati iye ndiye mwini wa zonse zolowa mumphika mwake, chikhalirecho zambiri mwa izo zimagamulidwa kutali ndi khitchini yake: kumsika, kuchigayo, padoko, pachipata cha paki ndi m'maofesi amene inu muwayang'anira. Mudzi wathu unapanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri a Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo minda imene inakwanira agogo athu siingakwanire khamu la lero. Chifukwa chake chimanga, mtedza ndi nyemba zambiri zimene tidya zimachita kubwera pagalimoto, ndipo mayi uja agula chimene wapeza, pa mtengo umene angathe, osaona kumene chinayanikidwa kapena m'mene chinasungidwira.

Pa mtedza ndi pamene mtima wanga uwawa koposa. Mu mtedza ndi chimanga zimene sizinaume bwino, kapena zimene zinanyowanso zili m'thumba, mumamera nkhungu yotulutsa poizoni amene alimi amtcha chuku, ndipo madokotala amtcha aflatoxin. Dziko linamdziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil; ndipo ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa m'miyezi yowerengeka atadya chimanga choipa chotere. Koma imfa ya msanga yotero siichitika kawirikawiri; ntchito yeniyeni ya poizoniyu ndi ya kachetechete, pakuti amadya chiwindi pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, kufikira pamene khansa ya chiwindi ionekera, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi kachirombo ka Hepatitis B, kamene katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno kwathu mu 2002, kotero kuti onse obadwa chakacho chisanafike anakula opanda chishango chimenecho. Ndipo mawu oyenera kulalikidwa pamsika uliwonse ndi akuti moto wa pamafuwa sutha kupha chuku: kaya mukazinge mtedzawo, kaya muusinje, kaya muuwiritse tsiku lonse, poizoniyo akhalamobe.

Taonani m'mene zichitikira. Wageni wina, pofuna kuti makoko afewe poswa, ndiponso kuti thumba lilemere pasikelo, amawaza madzi pamtedza madzulo, nauswa m'mawa, nauthira m'thumba usanaume. Ndipo pofika kuno kotentha, kwa chinyontho cha nyanja, nkhungu yamanga kale nthenje m'thumbamo. Pamenepo mtedza wosalala ndi wonenepa amausankhira wogula wa ndalama, ndipo wopambana wa wonsewo upita kwa amalonda otumiza kunja, chifukwa maiko a ku Ulaya anaika malire okhwima ndipo amabweza katundu wopyola malirewo; koma wofota uja, wosweka, wakuda ndi wowawa mkamwa, sautaya ayi, amausinja namanga nsinjiroyo m'timapepala, ndipo nsinjiro yotsika mtengo imeneyo ndi imene mayi wosauka athira m'phala la mwana wake, pomvera mokhulupirika malangizo amene analandira kusikelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nanga tidzamuimba mlandu wotani mayi ameneyo, amene sangaone ndi maso chimene chasinjidwa kale?

Bwana, anyamata a khonsolo amene adula matikiti m'misika yathu tsiku ndi tsiku salumpha thumba ngakhale limodzi. Ngati maso awo atha kuona wogulitsa amene sanalipire, angathenso kuphunzitsidwa, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, kuzindikira mtedza wonyowetsedwa ndi chimanga chowola, ndi kuletsa kuti zotere zisagulitsidwe monga chakudya cha anthu. Njira zodzitetezera zilipo kale, ndipo si zachilendo: kukumba mtedza pa nthawi yake, kuuyanika ndi makoko ake mpaka uzilira poupukusa, kusayanika chimanga padothi, kusunga zouma bwino m'matumba osalowa mpweya aja a PICS, ndi kuwaza m'munda Aflasafe, amene bungwe la IITA linakonza ndi nkhungu zopanda poizoni za m'nthaka yathu yomwe ino. Chimene chasowa ndi lamulo la khonsolo, ndi munthu woliyendetsa.

Pano ndipatuke pang'ono ndinene za mgaiwa, chifukwa ophunzira ena aulalikira mopanda malire. N'zoona kuti ufa woyera, umene tiukonola, kuunyika ndi kuutsuka mpaka uyere mbee, wataya gaga ndi mtima wa njere m'mene muli zambiri zomanga thupi. N'zoonanso kuti Dr Denis Burkitt, dokotala uja amene mu 1961 anayendera zipatala za kuno, dziko likadali Nyasaland, pofufuza khansa yotupitsa nsagwada za ana, anadzaphunzitsa pambuyo pake kuti chakudya chokhala ndi gaga wake chiteteza matumbo, ndipo ofufuza a masiku ano avomereza kuti mbewu zosakonola zichepetsa khansa ya m'matumbo. Koma poizoni wa nkhungu akonda kukhala m'gaga momwemo, kotero kuti mgaiwa wa chimanga chowola uposa ufa woyera kuipa kwake. Mlangizi woona mtima anene zonse ziwiri: kuti mgaiwa ndi wabwino, ndi kuti chimanga chake chisankhidwe ndi manja palichero chisanapite kuchigayo, ndipo njere zowolazo zisaperekedwe ngakhale kwa ofulula mowa, monga ena achitira pokana kutaya.

Tikachoka kumsika titsikire kudoko. Usipa, utaka ndi kambuzi ndizo chuma chathu, ndipo palibe ndiwo ya munthu wosauka yoposa kansomba kodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe. Koma m'dzinja, pamene dzuwa lisowa ndipo nsomba ziyamba kuola pathandala, amayi athamangira ku moto. Ndawaona atawerama pa mgolo wodulidwa pakati, waya ali pamwamba, maso ali psuu, akutembenuza nsomba imodziimodzi ndi zala kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, mwana ali kumbuyo akupuma utsi womwewo. Ndipo popeza nkhuni za m'paki zitoledwa ndi chiphaso, ndiponso zili kutali kuphiri, moto ukavuta kuyaka chifukwa cha chinyezi amaukolezera ndi majumbo ndi zidutswa za maukonde akutha. Mu utsi wa nkhuni, ndi mu mwaye wakuda umene umata pa nsomba kapena nyama yopserera, muli timankhwala toipa, monga benzopyrene, amene a IARC anatsimikiza kuti ayambitsa khansa. Ndipo bungwe lomwelo linaika utsi wa nkhuni wa m'nyumba m'gulu la zinthu zokayikitsa kwambiri. Woyamba kupwetekedwa, tsono, si wogula wa ku Limbe kapena ku Lilongwe ayi, koma wowambayo, amene madzulo ake alowanso m'khitchini yopanda zenera kukaphikira banja pa mafuwa atatu.

Matenti oyanikira nsomba ndi kutentha kwa dzuwa anayesedwa m'madoko a boma lino ndipo anthu anaona ubwino wake. Kuli mauvuni a Chitofu ofutsira, okazingira ndi owambira nsomba ndi nkhuni zochepa. Kulinso mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene amayi athu omwe atha kuumba. Chovuta n'chakuti tenti kapena uvuni ndi wa mtengo woposa mpamba wa mayi mmodzi, ndipo mabungwe akamaliza nyengo yawo amapakira nachoka, pulasitiki ya tenti ikang'ambika palibe woisoka. Pempho langa n'lakuti ndalama za chitukuko zimene zidzera m'manja mwa khonsolo zikumbukirenso zimenezi, kudzera m'makomiti a padoko, pakuti mlatho ndi chipinda chophunzirira zili ndi owalankhulira ambiri, koma mapapo a mayi wowamba nsomba alibe. Ndipo alangizi a zaumoyo akamayendera ziwaya za tchipisi ndi kanyenya, ayang'anenso mafuta aja amene akazingidwa masiku ambiri mpaka ada bii, namangowonjezerapo ena pamwamba.

Kuli chinthu china chimene sichilira ngakhale tambala. Msodzi akatsika m'bwato m'bandakucha, atachezera pa kauni usiku wonse, mwera utamlowa mpaka m'mafupa, chimene afuna ndi tiyi wochokera pamoto pomwepo, namumwa mothamanga asanapite kukagawana za usikuwo. Ndipo ife tonse tinaleredwa ndi chikhulupiriro chakuti phala lozizira ndi mwano kwa mlendo. Koma mu 2016 a IARC ananena kuti chakumwa chotentha kupyola madigiri 65 chikuganiziridwa kwambiri kuti chiyambitsa khansa ya kummero, chifukwa chiwotcha njira ya chakudya mobwerezabwereza. Ndipo kafukufuku wa ESCCAPE, amene anachitika ku Blantyre ndi ku Tanzania, anapeza nthendayi yochuluka mwa anthu okonda kudya ndi kumwa zotentha kwambiri, mofulumira, mpaka kupsa mkamwa. Kudikira mphindi zowerengeka kuti nthunzi ichepe ndi mawu amene mafumu, abusa ndi mashehe angawanene popanda kupempha thandizo kwa wina aliyense. Za kachasu ndi fodya sindichulukitsa mawu, pakuti pa zonse zowononga kummero izi ndizo zodziwika koposa, ndipo Neil McGlashan analemba kale mu 1969 kuti khansa imeneyi ichuluka kumadera kumene amwa kachasu, kuno ndi kum'mawa kwa Zambia. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowawo unangosintha chovala nulowa m'timabotolo. Ndipo ziphaso za ogulitsa mowa zichokera ku khonsolo kwanu komweko.

A WHO alangiza kuti munthu adye magalamu 400 a zamasamba ndi zipatso patsiku, ndipo wina angaseke nati zimenezo n'za anthu a m'tauni. Komatu Namalenga sanatimane, pakuti bonongwe, chisoso ndi denje zimera zokha, nkhwani, kholowa ndi chitambe zili m'minda, ndipo malambe, bwemba, masau, mango ndi mapapaya ndi zipatso za dera lino lotentha. Timaziwononga tokha pothira soda wambiri ndi kuziwiritsa mpaka zisanduke zakuda, ndipo timazinyoza monga ndiwo za tsiku limene nyanja yakana. Koma m'chilimwe, kuyambira Seputembala kufikira mvula, masamba asowadi, ndipo ochepa amene afika amathera kumalo ogona alendo. N'zomvetsa chisoni kuti mudzi wokhala pa gombe la nyanja yaikulu chotere usowe madimba othirira, ndi kuti masukulu athu akhale ndi mabwalo opanda mtengo wa zipatso wotchingidwa bwino kuopa mbuzi.

Ndingakhale mboni yonama, Bwana, ndikanena kuti mphika ndiwo zonse. Khansa ya khomo la chiberekero, imene igwira amayi oposa 4,000 chaka chilichonse m'dziko muno nipha pafupifupi 3,000, siiopa bonongwe. Iopa katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, ndi kuyezetsa msanga. Khansa ya chikhodzodzo nayo ili ndi khomo lake kuno kwathu, ndilo likodzo, limene ambiri a ife tinakula nalo tikuyesa kuti kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula kwa mnyamata, pamene tizirombo take tili m'gulu la zoyambitsa khansa zotsimikizika. Ofufuza Jay Stauffer ndi Henry Madsen, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa gombe lino la Chembe, anaonetsa kuti nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kusodza kopyola muyeso m'madzi osaya. Kotero kuti khoka la maso aang'ono ndi neti ya udzudzu zimene zikokolola tiana ta nsomba m'mphepete muno zitipatsa ndiwo ya lero ndi nthenda ya zaka za mtsogolo. Mankhwala a praziquantel afike kwa asodzi ndi amayi ochapa kunyanja, osati kwa ana a sukulu okha.

Ndatsala ndi iwo amene nthendayi yawagwira kale, ndipo pa iwo ndipempha kuti mundilezere mtima. Mudzi uno, umene Dr Robert Laws ndi anzake anafikapo ndi sitima ya Ilala mu 1875, unadzapeza chipatala chake cha Billy Riordan mu 2004, ndipo tithokoza. Tithokozanso kuti makina a radiotherapy, amene kale anthu ankawatsatira ku India ndi kumaiko ena, tsopano ali pa chipatala cha khansa ku Lilongwe. Koma ulendo wa wodwala wa kuno ndi wautali: ku Monkey Bay, ku Mangochi, ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth, mwina mpaka ku Lilongwe, ndipo pa sitepe iliyonse womudwazika, amene anyamula mphika, ufa ndi kamtolo ka nkhuni, agawa ndalama yochepa ija pakati pa galimoto ndi chakudya, ndipo chimene chigonja nthawi zonse ndi chakudya. Madokotala adziwa kuti thupi lowonda silipirira opaleshoni kapena mankhwala amphamvu a khansa, ndipo nthawi zina chithandizo chiimitsidwa kudikira kuti munthu apezeko mphamvu; chifukwa chake kudyetsa wodwala ndi gawo la mankhwala enieniwo.

Ndipo pamenepa malangizo a anthu athanzi atembenuka, chinthu chimene odwazika ambiri sanauzidwe. Wodwala amene akuonda asamanidwe mafuta, dzira kapena mkaka. Amene nsima yamkana kummero apatsidwe phala la madzimadzi, losefa bwino, lothira ufa wa usipa wosinja, nsinjiro ya mtedza wosankha pakhomo, dzira, supuni ya mafuta, kapena peyala ndi nthochi zopota. Alandire pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, lofunda chabe, atakhala tsonga. Ndipo abale asachedwe kufunsa za kachubu kamene madokotala a zipatala zazikulu aika kummero kuti chakudya chidutse. Ndipempha kuti chiponde ndi Likuni Phala, zimene zipatala zipereka kwa ana onyentchera ndi kwa akulu ena ofooka, zifike mosavuta kwa odwala khansa a m'midzi, ndi kuti anamwino osamalira odwala matenda a mgonagona aphunzitse odwazika kaphikidwe kameneka pamoto penipeni, pa malo ophikira a pachipatala, osati papepala pokha.

Pomwe pali mantha pasonkhananso amalonda. M'misika ndi m'mabasi, ndipo masiku ano pa WhatsApp ndi pa Facebook, muli anthu olankhula mokoma amene agulitsa ufa wa cham'mwamba, madzi a masamba ndi timabotolo ta mitengo yodula, nalonjeza kuti zisungunula chotupa. Ena auza wodwala kuti asale kudya kuti khansa ife ndi njala, pamene wofa ndi njalayo ndi mwini thupi. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino, ndipo ndidya. Koma palibe chakudya pansi pano chimene chinachiza khansa, ndipo miyezi imene munthu ataya pa mabotolowo ndi yomweyo imene chotupa chikadali chotheka kuchotsa. Oterewa aimika magome awo pa malo a khonsolo, nalipira tikiti kwa khonsolo, ndipo ndi khonsolo imene ingawafunse umboni wa zimene alonjeza.

Nkhanga zinapangana kusanapse, Bwana, ndipo mtedza watsopano uyamba kulowa m'misika mu Epulo ndi Meyi. Chifukwa chake ndipempha modzichepetsa kuti nkhani ya kuyendera mtedza ndi chimanga m'misika, ya mauvuni ndi matenti a padoko, ndi ya chakudya cha odwala khansa, iikidwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo yonse nyengo yokolola isanafike. Kuti akulu a zaumoyo, a zaulimi ndi a zausodzi akhale pa mphasa imodzi pokambirana zimenezi, pamodzi ndi Mfumu Yaikulu Nankumba ndi mafumu anzake a m'mbali mwa nyanja. Ndi kuti chimene mudzagamule chidzawerengedwe pabwalo kuno ku Chembe, pa tsiku limene amayi owamba nsomba ndi ogulitsa nsinjiro angathe kupezekapo ndi kufunsa mafunso awo.

Ndine wanu mwa ulemu wonse,

Mdzukulu wa asodzi,
Chembe.